Mbasela ya m'Thumba Nambala 7

Kalingalinga,
Lusaka.
11 Juni 2002

Wokondedwa mng'ono wanga Petronella,

Landira moni wochokera kwa ine mkulu wako, pamodzi ndi onse a pakhomo pano. Uli bwanji kumeneko ku Jeremani? Chifuwa chimene unkadandaula nacho chija chinatha? Ndikhulupirira kuti kwanuko tsopano kwafunda, chifukwa kuno ndiye chisanu chatipeza, m'mawa zala zikukana kugwira hamala.

Ife tilipo. Amayi ali bwino, kupatula mawondo aja amene sawalola kugwada nthawi yaitali kutchalitchi. Norah akupita kusukulu, ngakhale masiku ambiri amabwerako msanga chifukwa aphunzitsi ali pa sitalaka. Mlamu wako ba Goliati akupitabe kuntchito kwawo ku labu yoyezera miyala, koma kumeneko aliyense akungoyang'ana pakhomo la ofesi kuti kalata yochotsa anthu ntchito ituluka liti.

Kumsewu kumene ndimaswa miyala tinalipo azimayi asanu ndi mmodzi pamene unkachoka. Lero tapitirira makumi awiri, ndipo pakati pathu pali azibambo awiri amene chaka chatha ankavala tayi. Oswa tachuluka, omanga nyumba ndiwo akusowa.

Kalata iyi sindiiponya ku positi. Ndiipereka kwa sisitere wa kuparishi kwathu amene akukwera ndege Lachinayi, ndipo wandilonjeza kuti akangotsika aiponya tsiku lomwelo. Loweruka lija ndinakuimbira foni, unamva wekha kuti ndinangokufunsa za nyengo ndi zakudya ngati chitsiru. Pa kantemba ka foni paja anthu amakhala pamzere, makutu onse ali kwa iwe, ndiye mawu amene ndinabwera nawo ndinabwerera nawo kunyumba.

Khala pansi uwerenge bwino. Ndili ndi mantha, Petronella, mantha amene sindinakhalepo nawo ngakhale tsiku limene ndinkabereka Norah. Nkhani yake ndi ya thumba nambala 7 la miyala yako, ndipo uyenera kuidziwa usanakaime pamsonkhano wa mu Ogasiti uja.

Ukumbukira chaka chatha pamene unabwera kudzatola miyala kumapiri a kumadzulo kuja. Unabwerako wakuda bii, milomo yong'aluka, ndi matumba asanu ndi anayi, lililonse ndi nambala yake. Ndinakuseka kuti unapita kutali chonsecho, ndi masukulu onsewo, kukaphunzira ntchito imene ine ndimaigwira pamsewu osaloweza buku.

Iwe sunakwiye. Unatulutsa mwala umodzi, wobiriwira, wa timadontho tofiira, wolemera kuposa mmene ukuonekera, n'kundigwiritsa. Unati dzina lake ndi ekolojaiti, dzina limene linanditengera mlungu wathunthu kuti ndilitchule. Unati mwala wotere subadwira pamwamba pano ayi, umapangika pansi penipeni, makilomita oposa makumi asanu ndi limodzi, kumene dziko limaufinya mpaka kusintha thupi, kenako n'kuubweza kumtunda.

Unatinso mkati mwake muli tinjere tating'ono kuposa mchenga, totchedwa zikoni, ndipo m'tinjereto muli chinthu chimene chimasanduka mtovu pang'onopang'ono, mosafulumira, mosachedwa. Mukayeza mtovuwo mumadziwa zaka za kanjereko. Unati ntchito yako yonse ndi kupeza chaka chimene miyalayo inali pansi paja, ndipo unkayembekezera zaka mamiliyoni mazana asanu ndi limodzi. Amayi anati usamanene zinthu zotere pamaso pa ana, koma ine ndinamva, ndipo ndinasunga.

Miyalayo inali yolemera, sukanakwera nayo ndege. Unagwirizana ndi a ku labu kuti aiswe, aisefe, aitsuke, n'kukutumizira mchenga wolemera wokhawokha m'timabotolo. Unanyamuka mtima uli m'malo chifukwa ntchitoyo inali m'manja mwa mlamu wako.

Chimene sitinakuuze ndi ichi. Patangopita milungu iwiri, makina oswera miyala a ku labu anathyoka. Chitsulo chake chinafunika kuchokera kunja, ndipo mabwana anati zimenezo aiwale, ngakhale sopo wa m'chimbudzi akulephera kugula. Miyezi itatu inadutsa matumba ako ali pakona. Kenako inabwera kalata yako yonena kuti mzungu wina wa kusukulu kwanu adutsa mu Lusaka kumapeto kwa Novembala, ndipo ukapanda kulandira mchengawo nthawi imeneyo, malo ako pa makina oyezera apatsidwa kwa wina.

Ba Goliati anasowa mtendere. Ine ndine ndinawauza kuti: kodi makinawo amachita chiyani chimene manja awa sachita? Poyamba anakana, anati lamulo la ku labu silola kutulutsa miyala ya anthu. Ndinawavutitsa masiku atatu mpaka anagonja. Anayamba kubwera nawo matumbawo awiriawiri pa minibasi, atawakulunga m'saka ya makala.

Usaganize kuti tinachita mwachisawawa. Mlamu wako anandizunza ndi ukhondo mpaka ndinatsala pang'ono kuwaponyera hamala. Anabweretsa chitsulo chafulati choti ndiziswerapo, osati mwala wanga wa masiku onse. Anagula pulasitiki yatsopano yoyala pansi. Thumba lililonse likatha, hamala ndi chitsulo ndizikweche ndi bulashi ya waya, nditsuke ndi sopo, nditsukuluze katatu, ndiumitse padzuwa, ndisinthe chitenje, ndisambe m'manja mpaka m'zikhadabo. Ndinkagwirira kuseri kwa nyumba, chitseko cha mpanda chotseka, ngakhale nkhuku sinkaloledwa kudutsa.

Anandiuza kuti fumbi la thumba lina lisalowe m'thumba lina. Ndinamva, ndipo ndinachita. Pa zimenezo ndilibe mlandu.

Koma thumba nambala 7 linang'ambika pamene ankatsika minibasi pa siteshoni ya kuno. Miyala ina inagwera m'ngalande ija ya madzi akuda, ndipo anakana kuitola, anati sangadziwe kuti wako ndi uti, wa m'ngalande ndi uti. Anafika kunyumba nkhope itagwa. Analinyamula thumbalo m'dzanja limodzi, akuliyeza, n'kunena kuti latsala theka, ndipo mwala wobiriwirawu ndi woumira, tinjere take n'tochepa, mwina mng'ono wako sapezamo kanthu. M'mawa mwake anapita kuntchito akudandaulabe.

Ndinatsala ndekha ndi thumbalo. Nditaswa, kamulu kake kanali kochititsa manyazi pafupi ndi tinzake.

Iwe ukudziwa mmene Amayi anatilerera pamsika. Munthu akagula tomato, umaika imodzi pamwamba. Akagula wilibala ya miyala, ine ndimaponyapo fosholo ina, ndipo n'chifukwa chake makasitomala anga amadutsa milu ya anzanga kubwera kwa ine. Munthu wachilendo, amene sindidzamuonanso, ndimampatsa mbasela. Nanga mng'ono wanga wa bere limodzi ndimutumizire thumba loperewera?

Pakona pa mpanda panali miyala yotsala ya lole ina ya tipa imene tinagula kwa anthu okonza msewu cha kumwera. Inali yotuwa, yolimba, yonyezimira pang'ono. Ndinasankhapo itatu, iliyonse ngati chibakera changa, yokongola kuposa inzake. Ndinaikwecha ndi bulashi, ndinaitsuka ndi sopo, ndinaitsukuluza ndi madzi owiritsa, chifukwa ndinkafuna kuti ikhale yaukhondo monga mlamu wako ankafunira. Ndinaiswa bwinobwino n'kusakaniza. Itasanduka mchenga, sukanasiyanitsa.

Ndikuuze zoona, tsiku limenelo ndinasangalala. Ndinkaimba nyimbo za kwaya ndikumanga thumbalo. Ba Goliati atabwera anati kodi limeneli lachuluka bwanji, ine ndinati mwala ukaswedwa umafufuma. Anandiyang'ana pang'ono, koma anali wotopa, ndipo masiku anali atatha. Anakasefa ndi kutsuka ku labu, timabotolo tinapita ndi mzungu uja, ine n'kuiwala.

Ndinaiwaladi, Petronella. Miyezi isanu ndi umodzi sindinaganizepo n'kamodzi komwe.

Kalata yako ya mu Meyi inafika Lachisanu, koma tinaisunga mpaka Lamulungu masana kuti tiwerenge tonse titachoka kutchalitchi. Ba Goliati ndiwo ankawerenga. Unalemba kuti matumba asanu ndi atatu anapereka zaka zimene unkayembekezera, koma nambala 7 yakudabwitsa. Unati thumba limenelo linali lopatsa, tinjere tambirimbiri, tatikulu, toyera, ndipo zaka zake zapitirira mamiliyoni chikwi chimodzi. Unati pulofesa wako anaimirira pampando, ndipo akuganiza kuti mwina miyala ya kumapiri kuja inapita pansi kawiri, chinthu chimene palibe anachipezapo. Unati wasintha mutu waukulu wa buku limene ukulemba kusukuluko, ndipo mu Ogasiti ukanena zimenezi pamaso pa akatswiri a m'mayiko ambiri.

Amayi anaimba nthungululu mpaka aneba anasuzumira pampanda. Sanamve za mamiliyonizo, anangomva kuti mwana wawo wapeza chimene azungu sanachipeze. Pofika Lachitatu mphakati wathu wonse wa kutchalitchi unali utadziwa, ndipo akupemphererani iwe ndi thumba lakolo.

Ine pamene mlamu wako anawerenga mawu akuti lopatsa, ndinakumbukira miyala itatu ija. Ndinadzuka ngati ndikukatunga madzi, n'kukaima kuseri kwa nyumba.

Ba Goliati sanasangalale nawo. Madzulo ake anatulutsa kabuku kawo ka ku labu n'kunena kuti sizikumveka. Nambala 6 ndi nambala 8 zinachokera paphiri lomwelo, mwina mapazi makumi awiri kuchoka pa nambala 7, ndiye zitheka bwanji kuti wapakati yekha akhale nkhalamba? Anandifunsa ngati ndinatsuka hamala tsiku limenelo. Ndinati ndinatsuka, ndipo sindiname. Anandifunsa ngati pulasitiki inali yatsopano. Ndinati inali yatsopano. Funso loyenera sanandifunse, ine n'kukhala chete.

Milungu itatu ndinakhala chete. Bambowa anayamba kudziimba mlandu okha, kuti mwina sefa ya ku labu inali ndi zotsalira, mwina anasokoneza timabotolo. Anaonda ndikuona. Ine ndinkadziuza kuti mwala ndi mwala, miyala itatu ingasinthe chiyani pa thumba lonse? Kenako ndinkadziuza kuti mwina wapezadi chinthu chenicheni, ine ndikungodzivutitsa. Koma chakudya chinasiya kutsika. Kumsewu ndinadzimenya chala chachikulu ndi hamala, ine amene ndaswa miyala zaka khumi ndi chimodzi osadzipweteka, ndipo chikhadabo chachoka.

Lachiwiri lapitali ndinalephera kupirira. Ndinapita ku msika wa Mtendere kukafuna ba Kasoma. Uwakumbukira, aja anali mkulu wa ba Goliati ku labu asanawachotse ntchito, amene anakuphunzitsa kudula mwala mpaka kuonekera kuwala. Masiku ano akugulitsa misomali ndi maloko patebulo. Akalamba, koma mutu ukadali wakuthwa.

Ndinayamba mozungulira. Ndinati pali mayi wina kwathu, mwana wake amaphunzira za miyala, ndiye mayiyo anaonjezera timiyala tochepa m'thumba la mwanayo, kodi pali vuto? Anandifunsa kuti thumbalo linali la mwala wanji, ndipo woonjezerawo unali wotani. Nditawafotokozera, anavula magalasi.

Anati mwala wotuwa wonyezimira uja ndi wa mtundu wina, ndipo umadzaza ndi tinjere ta zikoni, pamene wobiriwira uja umakhala nato towerengeka. Anati chibakera chimodzi cha wotuwawo chikhoza kupereka tinjere tochuluka kuposa thumba lathunthu la wobiriwira. Ndiye woyezayo akamasankha tinjere tokongola pansi pa galasi, adzasankha ta mlendoyo, ndipo zaka zimene adzapeze zidzakhala zoona ndithu, koma za mwala wina.

Ndinafunsa ngati pali njira yodziwira. Anati ilipo. Anati kanjere kalikonse kamakhala ndi tizinthu tina tochepa kwambiri tobisika mkati mwake, timene kanatola pamene kankakula. Kanjere kamene kanakulira pansi penipeni, pafupi ndi timadontho tofiira tija totchedwa ganeti, kamakhala kosowa tina mwa tizinthuto, chifukwa ganeti ndi wadyera, amatenga tambiri. Kamene kanakulira m'mwala wotuwa kamakhala nato tokwanira. Anati makina a kunja amatha kuona kusiyana kumeneko.

Apa ndinakumbukira kuti m'kalata yako unalemba kuti zaka wayeza, koma tizinthu tobisikato udzayeza mu Okutobala, chifukwa makina ake ali ndi mzere wautali, ndipo pulofesa wati palibe chifukwa chodikira. Okutobala, Petronella. Msonkhano uli mu Ogasiti.

Ndinafunsa funso lomaliza, kuti chimachitika n'chiyani munthu akanena zotere pamsonkhano kenako n'kupezeka kuti sizoona. Ba Kasoma anati wina adzapita paphiri lomwelo, adzatola mwala womwewo, sadzapeza zaka zimenezo. Anati mzungu wamkulu akalakwitsa amati walakwitsa, koma mtsikana wochokera ku Kalingalinga adzati anaphika manambala, ndipo palibe labu imene idzamutsegulirenso chitseko. Kenako anandiyang'ana chala changa chomanga nsanza, nati:

"Amake Norah, mayi ameneyo mukamuuze alembe kalata lero. Osati mawa."

Ndinabwerera wapansi kuchoka ku Mtendere osaona njira. Galimoto inatsala pang'ono kundigunda pamphambano, dalaivala anatukwana, ine osamva n'komwe kuti akuti chiyani.

Mlamu wako ndinawauza m'mawa mwake, akumanga nsapato kuti azipita kuntchito. Ndinaganiza kuti akalipa, mwina kundimenya kumene, chinthu chimene sanachitepo. Bola akanatero. Anangokhala pampando nsapato imodzi ili m'manja. Kenako anafunsa kuti miyala ingati. Ndinati itatu. Anafunsa chifukwa chake. Ndinati thumba linali loperewera.

Anati, "Philomena, si tomato."

Ndinapsa mtima, ukundidziwa. Ndinawauza kuti iwo anandiphunzitsa kutsuka hamala katatu koma sanandiuzepo kuti mwala woyera, wotsukidwa ndi sopo, ungakhale choipa. Ndinati anthu ophunzira mumatiuza chochita osatiuza chifukwa chake, kenako mumadabwa. Ndinalankhula zambiri, zina zosayenera. Koma pakati pa mawuwo ndinayamba kulira, chifukwa ndinkadziwa kuti ngakhale zonsezo zili zoona, dzanja limene linaika miyalayo ndi langa, ndipo pakamwa pamene pananama kuti mwala umafufuma ndi panga.

Tsiku limenelo sanapite kuntchito. Tinakhala pakhonde ngati pali maliro. Iwo mantha awo ndi akuti nkhaniyi ikafika ku labu, zidzadziwika kuti anatulutsa miyala kupita nayo kukomboni, ndipo mabwana amene akufunafuna woti amuchotse adzakhala atamupeza. Panali nthawi imene anati mwina tingokhala chete, mwina mu Okutobala udzazindikira wekha. Ine ndinati udzazindikira utaima kale pamaso pa anthu.

Tsopano ndikupemphe zinthu, ndipo undimvere ngati mkulu wako, ngakhale ndakulakwira.

Choyamba, usakanene za thumba nambala 7 pamsonkhano usanayeze tizinthu tobisika tija. Pita kwa amene amasunga makinawo, uwagwadire ngati kuli kofunika, akupatse tsiku limodzi mwezi uno. Ngati akana, chotsa thumbalo m'zokamba zako. Matumba asanu ndi atatu aja ndi oona, ndinawaswa ndi manja anga ndipo sindinaikemo kanthu, ndikulumbira pamaso pa Mulungu. Zaka zimene anakupatsa n'zako.

Chachiwiri, ukamuuze pulofesa wako iwe mwini, asanazipeze yekha. Ndikudziwa kuti anaimirira pampando, ndipo kumukhazikanso pansi kukhala kowawa. Sindikumudziwa munthuyo, kaya ndi waukali, kaya akuthamangitsa, ndipo zimenezi ndi zimene zikundisowetsa tulo. Koma ndikudziwanso iwe. Uli mwana unkabisa mbale yosweka pansi pa bedi n'kumayembekezera kuti iiwalika. Ukhoza kung'amba kalata iyi, palibe angadziwe kumeneko. Chonde usatero.

Chachitatu ndi chovuta kulemba. Nkhaniyi ikadzamveka kuno, alipo amene adzati ndinachita dala. Adzati wamkulu anatsala pamsewu ndi hamala, wamng'ono anakwera ndege, ndiye nsanje inamugwira. Azimayi a kumsewu ndikuwadziwa, adzanena ine ndili pomwepo. Iwo anene, ndilimba. Koma iwe ukadzaganiza choncho ngakhale kamphindi kamodzi, sindidziwa kuti ndidzakhala bwanji. Masiku aja ndinkaswa miyala yako anali masiku okoma kuposa onse pa ntchito yangayi. Kanali koyamba kuti hamala yanga igwire ntchito ya sukulu.

Amayi sitinawauze. Akufunsabe kuti msonkhanowo udzaoneka pa TV kapena ayi. Ndidzawauza ndekha ukandiyankha, si ntchito yako imeneyo.

M'envulopu muno upeza kapepala kopindidwa, mkati mwake muli kamwala. Ndi ka mulu womwe uja, unali ukadalipo pakona pa mpanda. Ba Kasoma anati ukakhala ndi kachidutswa ka mwala wolakwawo, ukhoza kuyeza tinjere take n'kufananitsa ndi ta m'thumba, ndipo palibe angakutsutse kuti unapeka nkhani.

Ine ndinafuna kungokakulunga m'nyuzipepala n'kulemba dzina langa. Ndinawauza mlamu wako kuti iwo asaonekepo, tinene kuti ndinatenga thumbalo iwo osadziwa, popeza ine palibe angandichotse ntchito pamsewu. Dzulo m'mawa ndinapeza atakhala patebulo ndi cholembera chawo cha ku labu. Anali atakatsuka kamwalako, atakaika m'kapulasitiki, akulemba kapepala monga amalembera miyala yonse ya ku ntchito: nambala 7B, kumene unachokera, tsiku limene unaswedwa, malo amene unaswedwera. Pamalo a malowo analemba kuti Kalingalinga, kuseri kwa nyumba. Pansi pake anasaina dzina lawo lonse ndi udindo wawo.

Ndinati kodi mwapenga, pepala limeneli likabwerera ku labu mwatha. Anati pulofesa sangakhulupirire kamwala ka m'nyuzipepala kochokera kwa mayi wosadziwika, koma kapepala kosainidwa ndi wa ku labu adzakakhulupirira, ndipo adzadziwa kuti wolakwa si iwe. Ndinayesa kuwalanda, anakaika m'thumba la malaya. Lero ndiwo amata envulopuyi ndikamaliza kulemba.

Ndiye kapepalako kali m'manja mwako. Ukakaonetsa, mlamu wako akhoza kubwera kudzakhala nane pamsewu, ndipo akudziwa. Anati ndikuuze kuti ukaonetse.

Ndiyankhe msanga, ngakhale mizere iwiri. Ngati wakwiya, lemba mkwiyowo, ndiuwerenga wonse. Chimene sindingathe kupirira ndi kukhala chete kwako, ndikuwerenga masiku mpaka Ogasiti osadziwa ngati kalatayi inakupeza.

Amayi akuti uzivala zofunda ngakhale kutenthe, ndipo usaiwale korona. Norah akupereka moni, akuti udzamubweretsere cholembera cha mitundu inayi. Ba Kasoma akuti ukadali ndi dzanja labwino lija, usaope. Undiperekere moni kwa mnzako wa ku Kitwe amene umakhala naye, Mwansa, umuuze kuti masiku akubwerawa akhale nawe pafupi.

Mulungu akusunge, akupatse mtima wolimba pamene ukagogoda pachitseko cha pulofesa. Ndikhululukire, mwana wa amayi. Ndinkafuna kuti usaperewere.

Ndine mkulu wako,
Philomena, amake Norah